Phewa Limodzi Lokwera: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kuona pa Msana wa Mwana Amene Akukula

Pa msonkhano wa m'mawa, ana akandanda m'mizere, malo a mphunzitsi wa kalasi kawirikawiri amakhala kumbuyo kwa mzere wa ana ake. Timaima kumeneko pofuna kugwira olongolola, ochedwa ndi osapisira malaya. Komatu malo omwewo amatipatsa mwayi umene ngakhale makolo alibe, ndiwo kuona misana ya ana ambiri amsinkhu umodzi itandandalikana, tsiku ndi tsiku, kwa chaka chathunthu. Mayi amaleka kusambitsa mwana wake mwanayo akadali wamng'ono, ndipo mtsikana akayamba kusinkhuka msana wake umabisika m'diresi ndi m'nsalu. Mwini wakenso sangauone, pakuti palibe munthu amene amadziona kumbuyo. Motero zimachitika kuti woyamba kuzindikira kuti phewa limodzi la mwana lakwera kuposa linzake ndi mphunzitsi.

Tsono tikaona zotere timatani? Ambirife, ndipo olemba phunziro lino sitikudzipatula, tinazolowera kufuula kuti, "Iwe, taongoka! Waima ngati nkhalamba bwanji?" Mwana wina akamva mawuwo amaongokadi, mapewa nkufanana, nkhani nkuthera pomwepo. Koma alipo wina amene amayesetsa, nakoka khosi, natulutsa chifuwa, phewa lija osatsika. Mawa timamkalipiranso, mkuja timamuyesa wamwano, mwina nkumukwapula kumene. Mwana wachiwiriyu alibe mlandu. Mafupa a msana wake apotoka, ndipo kumuuza kuti aongoke kuli ngati kuuza wamfupi kuti atalike. Choopsa nchakuti miyezi imene ife tikutha ndi kumkalipira ndi yomweyo imene msana wake ukupotokerabe mofulumira, ndiponso ndi yomweyo imene achipatala akadatha kumthandiza popanda mpeni. Cholinga chathu nchakuti inu amene mukukonzekera uphunzitsi muthe kusiyanitsa ana awiriwa.

Msana wa mwana amene akukula

Msana si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 ta m'khosi, 12 ta kumbuyo kwa chifuwa pamene pamalumikizika nthiti, 5 ta m'chiuno, ndipo totsalato, timene tili pansi penipeni, timagwirana munthu akakula. Pakati pa timafupa tapamwambato pali tinthu tofewa tonga nkhata, timene timalola munthu kuwerama ndi kutembenuka. Tikamuyang'ana munthu cham'mbali, msana wabwino sukhala woongoka ngati nsungwi; umalowa m'kati pakhosi, nutuluka pang'ono cha pamapewa, nulowanso m'chiuno. Kukhota kumeneku nkwachibadwa. Koma tikamuyang'ana kumbuyo, msana uyenera kutsika molunjika kuchokera kunkhongo kufikira pakati pa matako.

Fupa la mwana silitalika paliponse. Cha kumapeto kwake kuli kachigawo kanthete, kofewa ngati fupa la khutu, ndipo mpamene fupa latsopano limapangika. Timafupa ta msana tili ndi tizigawo totere pamwamba ndi pansi pomwe. Munthu akamaliza kukula tizigawoti timauma nkusanduka fupa lenileni, ndipo kutalika kumathera pomwepo. Pa nthawi ya kutha msinkhu ntchito imeneyi imathamanga kwambiri. Atsikana ambiri amakula mofulumira koposa ali ndi zaka 11 kapena 12, anyamata ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo m'chaka chimenecho mwana angatalike ndi masentimita 8, 9 kapena 10. Kumene chakudya chimaperewera, zaka zimenezi zimachedwerako. Ziwalo sizikulira pamodzi: zimayamba ndi mapazi ndi manja, kenaka miyendo, thunthu nkubwera pambuyo. Nchifukwa chake mnyamata wa Sitandade 7 amaoneka ngati kakowa, kabudula atamthawa, ndipo amapunthwa pa zinthu zimene kale ankazilambalala bwinobwino. Kwa mtsikana, liwiro lalikulu la kukula limafika asanayambe kusamba. Akayamba kusamba amakulabe, koma pang'onopang'ono, kwa zaka ngati ziwiri.

Pali chikhalidwe chimodzi cha mafupa chimene tifuna muchisunge, chifukwa chikumasulira zonse zimene tinene kutsogoloku. Kachigawo kanthete kaja kakapanikizika kwambiri kamakula mochedwa. Kakamasuka kamakula msanga. Tsono msana ukangoyamba kukhotera mbali imodzi, m'kati mwa kukhotako mumapanikizika pamene kunja kumamasuka. Kafupa kamene kanayenera kukhala kofanana mbali zonse ngati njerwa kamayamba kukula ngati nkhwangwa, kokhuthala mbali ina, kopyapyala mbali inayo. Chomwecho kukhota kumabala kukhota kunzake. Mwana akamakula mofulumira zimenezi nazonso zimafulumira, ndipo akaleka kukula, kukhota kochepa kumaima pomwe kwafika.

Mapewa osafanana amene si matenda

Tisanakuopsezeni, tinene poyera kuti mapewa a anthu ambiri safanana ndendende. Tayang'anani anzanu a pakoleji pano: mwa ambiri, phewa la dzanja limene amagwirira ntchito limakhala lotsikirako pang'ono. Palibe chovuta pamenepo.

Ana enanso amapendekeka chifukwa cha chizolowezi. Wonyamula mabuku m'chikwama cha lamba mmodzi amakweza phewa kuti lambayo asaterereke. Wolembera pabondo atakhala pansi amapinda msana wonse ndi kutsamira mbali imodzi. Ndipo chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'Malawi, makalasi odzaza opanda madesiki okwanira tawaona ambiri. Ana anayi akapanikizana pa desiki ya awiri, wakumapeto amakhalira tako limodzi. Mtsikana amene mawere ayamba kumera amakokera mapewa kutsogolo chifukwa cha manyazi, ndipo wamtali kuposa anzake amazyolika kuti afanane nawo. Amene amapendeketsa mutu poyang'ana pa bolodi mwina vuto lake lili m'diso kapena m'khutu, osati kumsana. Ana onsewa chizindikiro chawo nchimodzi: akakumbutsidwa, kapena akagona pansi, amaongoka.

Alipo ena amene mwendo wawo umodzi ndi wamfupi, chifukwa cha kuthyoka kwakale, matenda a m'fupa, vuto la m'chiuno, kapena poliyo. Tisaiyese nthano yakale nthenda yotsirizayi, pakuti ngakhale Africa analengezedwa mu 2020 kuti wathana ndi poliyo wachilengedwe, mu February 2022 anatsimikiza kuti mwana wina wa ku Lilongwe anali naye. Mwendo ukafupika chiuno chimapendekeka, ndipo msana umakhota pofuna kuti mutu ukhalebe pakati. Mwana wotere mukamkhazika pa mpando wathyathyathya kukhotako kumachepa kapena kutheratu, chifukwa miyendo yachoka pa ntchito. Iyenso ngofunika kupita ku chipatala, koma chithandizo chake chimayambira ku mwendo, nthawi zina ndi nsapato yokweza chabe.

Apa tiyenera kukonza chikhulupiriro chimene chafala ngakhale pakati pa ife aphunzitsi. Ofufuza sanapeze umboni wakuti chikwama cholemera, kukhala moipa pa desiki kapena kusenza katundu ndiko kumayambitsa kupotoka kwa mafupa a msana kumene tikambe m'munsimu. Zinthu zimenezi zimatopetsa minofu ndi kupweteketsa khosi ndi msana, ndipo nzoyenera kuzichepetsa. Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri ngakuti chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mwana, kapena kupitirirako pang'ono. Mwana wa makilogalamu 35 anyamule 4 kapena 5 basi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, kuposa theka la mwana yemweyo, ndipo iyi ndi nkhani yofunika kukambidwa pa msonkhano wa makolo. Koma tikamuuza kholo kuti msana wa mwana wake wapotoka chifukwa cha chikwama, kholo limasintha chikwama nkukhala pansi kudikira kuti aongoke. Tikanena kuti nchifukwa cha ndowa, mayi amatsala akudziimba mlandu umene sanapalamule.

Msana wopotoka

Madokotala amatcha vutoli scoliosis, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu chokhota. Amaliyesa pa chithunzi cha X-ray mwa njira imene dokotala wa ku New York, John Cobb, anafotokoza mu 1948, ndipo salitchula dzinalo pokhapokha kukhotako kufike madigiri 10. Chofunika kwa ife nchakuti msana wotere sungokhotera kumbali chabe, umapotokanso monga nsalu imene ikufinyidwa. Popeza nthiti nzolumikizika ku timafupa ta msana, timafupato tikazungulira timakankhira nthiti za mbali imodzi kumbuyo, za mbali inayo kutsogolo. Fupa lophwatalala la kumbuyo kwa phewa limakhala pamwamba pa nthiti, choncho nalonso limatukuka, phewa nkukwera. Kawirikawiri mbali yotukuka imakhala ya kumanja. Mwaona tsono kuti phewa lija timalikalipira langosenzedwa ndi zimene zili pansi pake.

M'maiko amene anawerenga, ana 2 kapena 3 mwa 100 alionse a zaka zoyambira 10 mpaka 16 ali ndi kupotoka kotere. Mwa odwala 10, pafupifupi 8 chifukwa chake sichidziwika, ngakhale kuti vutoli limakonda kuyenda m'banja. Otsalawo ena amabadwa ndi kafupa kosapangika bwino, ena ali ndi matenda a minofu kapena a mitsempha. Kukhota kochepa kumapezeka mwa anyamata ndi atsikana omwe, koma kukhota kumene kumakulirakulira mpaka kufuna chithandizo kumachuluka kwambiri mwa atsikana. Ana ambiri opotoka pang'ono amakula, nakalamba, osafuna chithandizo chilichonse. Vuto nlakuti pachiyambi palibe angadziwe ndi maso okha kuti amene adzaipirepo ndi uti. Ndipo kawirikawiri nthendayi sipweteka mwana. Malungo amadzinenera okha, dzino likabooka mwana amalira, koma msana umapotoka mwakachetechete mwini wake akusewera fulaye.

Si nthenda yatsopano, ndipo sisankha mtundu. Mu 2012 akatswiri anafukula mafupa a mfumu Richard III ya ku England, imene inafera pa nkhondo mu 1485, pansi pa malo oimikapo magalimoto mu mzinda wa Leicester. Anapeza kuti msana wake unali wopotoka kwambiri, ndipo akuganiza kuti unayamba kutero atapitirira zaka 10. Nkhaniyi ingakuthandizeni tsiku limene wina adzakuuzani kuti mwana wapotoka chifukwa anamulodza a pabanja.

Mwana ali chiimire, zizindikiro zimene zimaoneka ngakhale atavala yunifolomu ndi izi: phewa limodzi lokwera, fupa la kumbuyo kwa phewa lotukuka mbali imodzi, mpata wa pakati pa mkono ndi chiuno waukulu mbali ina, chiuno chooneka chotuluka mbali imodzi, ndi thupi lonse lopendamira kumanja kapena kumanzere. Nthawi zina woyamba kudandaula amakhala telala kapena mphunzitsi wa zosoka, poona kuti mpendero wa diresi ukukana kufanana ngakhale auyese kangati.

Kuweramitsa

Njira yosiyanitsira chizolowezi ndi kupotoka kwenikweni ndi yapafupi, yosalira ndalama, ndipo inalembedwa ndi dokotala wa ku London, William Adams, mu 1865. Mwana avule nsapato, aime mapazi ali pamodzi ndi mawondo oongoka. Agundanitse zikhatho, ndipo awerame pang'onopang'ono, mutu ndi manja zikulendewera momasuka, kufikira msana utagona ngati thebulo. Woyang'ana aime kumbuyo kwake, atsike kuti maso ake alingane ndi msanawo, nayang'ane kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Akatero apite kutsogolo kwa mwana nayang'anenso. Ngati kupendekeka kunali kwa chizolowezi, mbali ziwiri za msana zimafanana, chifukwa powerama chizolowezicho chimatha. Ngati mafupa apotoka, mbali imodzi ya nthiti kapena ya m'chiuno imakwera ngati mzere wa m'munda pamene inayo ili ngati khwawa. Kuwerama sikubisa kupotokako, koma kumakuonetsa poyera.

Pa nkhani ya kachitidwe tikufuna kulankhula motsindika. Uyu ndi mwana amene akutha msinkhu, ndipo thupi lake nlake. Mphunzitsi wamwamuna asayese mtsikana, ngakhale cholinga chake chikhale choyera chotani. Auze mphunzitsi wamkazi kapena a gulu la amayi la pasukulupo. Mphunzitsi wamkulu adziwe, kholo livomere, ndipo ngati nkotheka likhalepo. Zichitikire m'chipinda, osati pamaso pa kalasi, ndipo pakhale wamkulu wachiwiri. Palibe chifukwa chovula mwana. Malaya opyapyala amaonetsa zokwanira, ndipo zotsalazo akaona achipatala. Njira ina yabwino kuposa zonse ndiyo kuphunzitsa mayi kapena azakhali kuti akamuyang'ane okha kunyumba. Woyesa sakhudza, sakankha, sayesa kuongola. Amangoona.

Kodi tsono tiziweramitsa sukulu yonse chaka chilichonse? Pamenepa akatswiri sagwirizana. Mabungwe a madokotala a mafupa ndi a ana ku America amalangiza kuti atsikana aziyesedwa ali ndi zaka 10 ndiponso 12, anyamata kamodzi ali ndi zaka 13 kapena 14. Koma gulu lina la akatswiri komweko linanena mu 2018 kuti umboni wa phindu la kuyesa ana onse ngosakwanira, ndipo ku Britain komiti yolangiza boma pa nkhani zotere silimbikitsa zimenezi. Chodetsa nkhawa chawo nchakuti kuyesa aliyense kumatumiza ku chipatala ana ambiri opanda vuto, makolo nkuvutika mtima ndi kuwononga ndalama pachabe. Ife tikuona kuti kwathu kuno, kumene ulendo wa ku chipatala cha boma ungadye ndalama ya ufa wa mlungu wathunthu, nkhawa imeneyi ili ndi mphamvu koposa. Choncho sitikukupemphani kuti musanduke madokotala a sukulu. Tikupempha kuti mwana amene mwamuona kale kuti ngopendekeka, ndipo akauzidwa saongoka, musamusiye chaka chithe.

Linunda, ndi zimene sizidikira

Msana ungapindikenso kutsogolo. Kawirikawiri ndi chizolowezi chija cha kuzyolika, ndipo mwana amaongoka akafuna. Koma ulipo mtundu wina, umene dokotala wa ku Denmark, Holger Scheuermann, anaufotokoza cha mu 1920, pamene timafupa ta kumbuyo kwa chifuwa timakula topyapyala kutsogolo. Mwana wotere msana wake ngouma, ndipo ngakhale agone chafufumimba nadzutsa mutu, kupindikako sikutha. Ameneyu ayenera kuonedwa ndi achipatala monga mnzake wopotoka uja.

Chimene chiyenera kutithamangitsa ndi chifuwa chachikulu cha kumsana. Tizilombo ta TB sitikhala m'mapapo mokha. Tingalowe m'timafupa ta msana nkutidya mpaka timodzi kapena tiwiri titaphwanyika. Percivall Pott anafotokoza nthendayi mu 1779, ndipo m'maiko athu ano ikadalipo. Linunda lake limakhala losongoka pamalo amodzi ngati mfundo ya chala chopindidwa, losiyana ndi kupindika kozungulira bwino kwa chizolowezi. Mwana amamva kupweteka, amaumitsa msana, ndipo akafuna kutola choko pansi amanjuta m'malo mowerama. Mwina amaonda, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku. Nthendayi imachizika ndi mankhwala a TB, amene m'zipatala za boma ndi aulere, koma ikachedwa imapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, miyendo nkufa.

Motero pali zinthu zimene mukaziona pamodzi ndi msana wokhota simuyenera kudikira kutha kwa teremu: kupweteka kosalekeza, makamaka kodzutsa mwana usiku, kufooka kapena dzanzi m'miyendo, kusintha kwa kayendedwe, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi mwa mwana amene kale ankatha, kuonda ndi kutentha thupi, ndiponso kukhota kulikonse mwa mwana wosafika zaka 10, popeza ameneyo zaka zokula zimtsalira zambiri. Mwana wotere apite ku chipatala mlungu womwewo.

Kulankhula ndi makolo

Mawu oyamba amene kholo limamva ndi amene amalamula ngati mwana apita ku chipatala kapena ayi. Tikati, "Mwana wanuyu akulumala," tabzala mantha, ndipo mantha amathamangitsira anthu kotemera mphini. Tikati, "Ndi zazing'ono," palibe adzanyamuka. Tinganene motere: "Mayi, takuitanani chifukwa mwana wathuyu akukula msanga chaka chino, ndipo taona kuti phewa lake la kumanja lakwera. Ife si achipatala, sitinganene kuti nchiyani. Mwina palibe choopsa. Koma pali vuto lina la msana limene limathandizika bwino likapezeka mwana akadali kukula. Tikupempha kuti akamuone." Mulembe kakalata kachidule konena zimene mwaona, tsiku limene munayamba kuziona, ndi zaka za mwana, osatchula dzina la nthenda. Mayi akumbutsidwe kuti ku chipatala akamfunsa mtsikana ngati anayamba kusamba ndiponso liti. Funsoli si lachipongwe. Yankho lake limauza dokotala kuchuluka kwa kukula kumene kwatsala.

Ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, chimene chimatumiza ku chipatala cha boma. M'zipatala za m'maboma mumapezeka azaumoyo ophunzitsidwa mwapadera za mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'Malawi mu 1985, ndipo iwo amatumiza ofunika ku zipatala zazikulu. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 kuti chizithandiza ana a mavuto a mafupa.

Ndi bwino mudziwe zimene madokotala amatsata, kuti muthe kuyankha makolo. Kukhota kosafika madigiri 25 kawirikawiri amangokuyang'anira, kumuitana mwana pakapita miyezi ingapo kuti aone ngati kukukula. Makolo ena amakhumudwa kuti abwerako opanda mankhwala, naleka kupitanso. Apa mphunzitsi angathandize pokumbutsa tsiku lobwerera. Kukhota kwa madigiri 25 mpaka 40 mwa mwana amene akukulabe amakuletsa ndi chovala cholimba cha pulasitiki chimene chimagwira thunthu kuyambira m'chiuno mpaka cha kukhwapa. Chovalachi sichiongola msana kotheratu; ntchito yake nkuugwira kuti usapitirire kufikira mafupa atakhwima. Kwa zaka zambiri anthu ankakayikira ngati chimathandizadi, mpaka mu 2013 pamene kafukufuku wa ana 242 ku America ndi ku Canada, wotsogozedwa ndi Stuart Weinstein, anasonyeza kuti mwa ovala chovalachi 72 pa 100 anamaliza kukula osafika madigiri 50, pamene mwa osavala anali 48 pa 100. Amene ankachivala maola 13 kapena kuposa pa tsiku, pafupifupi 9 mwa 10 zinawayendera bwino. Kukhota kukafika madigiri 45 kapena 50 madokotala amaganiza za opaleshoni yomanga msana ndi zitsulo, chifukwa kukhota kwakukulu chotero kumapitirirabe pang'onopang'ono ngakhale munthu atakula, ndipo kukakula zedi kumapanikiza mapapo. Opaleshoniyi ndi yaikulu, yodula, ndipo malo ochitira ngochepa. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Pa nkhani ino mawuwo ngoona m'njira imodzi yokha, yakuti chovala chija chimagwira ntchito pa fupa limene likukula, ndipo kwa amene wamaliza kukula chilibenso phindu. Koma amene angamve mwambiwu ngati chilolezo chomangirira mwana ku thabwa, kumponda pamsana kapena kumlendewetsa ku nthambi, adziwe kuti zimenezo zimangovulaza.

M'kalasi mwathu

Zotsalazo ndi ntchito yathu ya masiku onse, ndipo zimapindulira ana onse, opotoka ndi osapotoka omwe. Pogawa malo tiyang'ane msinkhu wa thupi, osati kalasi chabe, pakuti m'Sitandade 6 imodzi mungakhale wa zaka 10 ndi wa zaka 15. Mwana akakhala, mapazi aponde pansi ndipo zigongono zilingane ndi pamwamba pa desiki. Wamfupi tingamuikire njerwa kapena thabwa kumapazi. Wolemba ndi dzanja lamanzere akhale kumanzere kwa desiki kuti asagundane ndi mnzake. Kumene ana amakhala pansi, tisawalembetse nthawi yaitali osapumira. Pakatha mphindi 20 kapena 30 aimirire, atambasule manja, ngakhale ndi kanyimbo kamodzi. Palibe kakhalidwe kamodzi kamene kali kabwino kwa maola atatu. Thupi la mwana limafuna kusinthasintha, ndipo mphunzitsi wonyadira kuti ana ake amakhala duu ngati zipilala sanawachitire chabwino.

Pa phunziro la zaumoyo tikambe za chakudya cha mafupa. Gawo lalikulu la mphamvu imene fupa lidzakhala nayo moyo wonse limaikidwa m'zaka zomwezi za kutha msinkhu, ndipo chomangira chake chachikulu ndi kashiamu. Mkaka uli naye, koma si banja lililonse lingaugule. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga yomwe, ndi nkhokwe yabwino ya kashiamu, ndipo bonongwe ndi masamba a chammwamba nawonso ali naye. Kuwala kwa dzuwa pakhungu kumapanga vitamini D amene amathandiza thupi kumulandira, ndipo kuthamanga ndi kudumpha kumalimbitsa fupa. Tinenetse komabe kuti usipa suongola msana wopotoka. Umangomanga fupa lolimba.

Mwana wopotoka msana asachotsedwe pa masewera pokhapokha dokotala atanena. Usain Bolt wa ku Jamaica, amene mu 2009 ku Berlin anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58, ananena yekha poyera kuti ali ndi vuto lomweli. Anyamata amakondwa kumva zimenezi, ndipo zimatseka pakamwa onyoza ena. Kunyozako ndiko kumene kumachotsa ana ambiri pa sukulu kuposa nthenda yeniyeniyo. Dzina lachipongwe likangomera m'kalasi limakula msanga kuposa msana, ndipo kawirikawiri limamera pa mawu amene mphunzitsi ananena mwanthabwala pamzere.

Ngati m'kalasi mwanu mudzakhala mwana wovala chovala cholimba chija, kumbukirani kuti phindu lake limawerengedwa ndi maola, ndipo maola a kusukulu ndi amene ana amakonda kuchivula chifukwa cha manyazi ndi kutentha. Muloleni avale yunifolomu yokulirapo. Mpatseni malo a pafupi ndi zenera m'miyezi ya October ndi November, ndiponso mpando m'malo mwa pansi, popeza chovalacho sichilola kupinda chiuno. Gwirizanani naye za chizindikiro chachinsinsi chakuti atuluke akafuna kukonza malamba kapena kupukuta thukuta, osachita kupempha pamaso pa anzake. Ndipo masiku amene wapita kukaonedwa ku chipatala, m'kaundula mulembe kuti anali ku chipatala, ndi kumsungira ntchito imene anzake alemba.